Mwana wanga wakomedwa ndi mafilimu a milungu ya Agiriki, kodi ndimuletse?

"Zikomo, ndithandizeni maganizo. Ndine mayi wa ku Zomba. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 11 anapita kutchuthi kwa amalume ake, ndipo kumeneko anamuonetsa mafilimu akalekale a amuna ovala timasiketi ndi nkhwayira, omenyana ndi malupanga, ati a Hercules ndi Jason. Chibwerereni nkhani yake ndi yomweyo: Zeus, Medusa, mafupa a anthu akufa otuluka m'nthaka. Wasema lupanga la mtengo, chivindikiro cha poto wasandutsa chishango. Ife ndife banja lopemphera, ndipo mnzanga wa ku Mvano wandiuza kuti zimenezi n'za mizimu yoipa. Kodi mafilimu amenewa ndi otani? Ndimuletse? Ngati ayi, oyenera msinkhu wake ndi ati?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo choyamba ikani mtima m'malo. Mwana wa zaka 11 amene akuthamangitsa nkhuku pabwalo ndi lupanga la mtengo akudzitcha Jason sanalowedwe ndi kanthu. Ndaphunzitsa mabuku kusekondale kwa zaka zambiri, ndipo mafilimu amenewa ndakhala ndikuwaonetsa kwa ana asukulu. Ndaona anyamata ndi atsikana akutengeka nawo chimodzimodzi, ndipo ambiri mwa iwo zinawathera m'laibulale, kufunafuna buku lofotokoza kuti Jasonyo anamaliza bwanji. Yankho langa ndi lakuti musamuletse, koma musamusiyenso yekha. Choyenera kuchenjera nacho chilipo, kungoti sichili pamene mnzanuyo akulozapo.

Mafilimu amenewa ambiri anapangidwa pakati pa 1954 ndi 1965, makamaka ku Italy, kumalo ojambulira mafilimu a Cinecittà mumzinda wa Rome. Nthawi imeneyo kujambula ku Italy kunali kotchipa kusiyana ndi ku Hollywood. Dzuwa lilipo, nyanja ilipo, mabwinja a akachisi akale ali pomwepo. Mu 1954 munatuluka Ulysses, momwe Kirk Douglas anasewera ngati mfumu ya ku Ithaca imene inasochera panyanja zaka 10 pobwerera kwawo kuchokera kunkhondo ya ku Troy. Koma imene inakoleza moto ndi Hercules ya 1958, yokonzedwa ndi Pietro Francisci. Iye anatenga Steve Reeves, mnyamata wa ku America wonyamula zitsulo yemwe anapambana mpikisano wa Mr. Universe mu 1950. Pa zisudzo sanali katswiri, koma chifuwa anali nacho. Munthu wina wabizinesi, Joseph E. Levine, anagula filimuyo n'kukaionetsa ku America mu 1959, ndipo ndalama zimene anawononga poitsatsa zinaposa kutalitali zimene anaigulira. Anthu anakhamukirako. Aitaliya ataona kuti muli ndalama, anayamba kusaka munthu aliyense wa minofu, kumudzoza mafuta, kumupatsa dzina la Hercules, Maciste, Ursus kapena Goliath, n'kumuika patsogolo pa kamera.

Ndikukuuzani mbiri imeneyi kuti muone kuti anthuwa sankalalikira chipembedzo cha Zeus, mfumu ya milungu ya Agiriki. Ankagulitsa matikiti. Mu 1963 Francisci yemweyo anatulutsa filimu imene Hercules akukumana ndi Samisoni wa m'Baibulo, Ulysses ali pambali, n'kumagendana ndi zipilala. Munthu amene amalemekeza milungu ya Agiriki sangachite zimenezo, ndiponso wodziwa Baibulo angoseka. Mukadzaona milomo ya ochita zisudzo ikusemphana ndi mawu, musadabwe: ankajambula opanda mawu, wina akulankhula Chingerezi, wina Chitaliyana, wina Chifalansa, mawuwo n'kudzawaika pambuyo. Fashoni imeneyi inatha cha m'ma 1965, pamene Aitaliya omwewo anatembenukira ku mafilimu a makaubooyi.

Mafupa amene mwana wanu akunena ndi a mu Jason and the Argonauts ya 1963, nkhani ya Jason ndi amalinyero ake opita panyanja kukafuna ubweya wagolide wa nkhosa, ndipo iyi ndi ya mtundu wina, yopangidwa mosamala kwambiri. Anaikonza ndi Don Chaffey, koma dzina limene anthu amakumbukira ndi la Ray Harryhausen, amene anapanga zilombo zonse. Kunalibe kompyuta. Chilombo chilichonse chinali chidole chaching'ono, mkati mwake muli zitsulo zokhala ndi mfundo zopindika, kunja atachikuta ndi mphira. Sekondi imodzi ya filimu imafuna zithunzi 24. Ndiye Harryhausen ankaika chidolecho patebulo, kujambula chithunzi chimodzi, kusuntha mkono pang'ono chabe, kujambulanso, kusunthanso, mpaka zithunzizo zikamayenda mofulumira chidolecho chioneke ngati chamoyo. Amuna enieni aja anali atawajambula kale akumenyana ndi mphepo, atawerengetsera bwino pamene lupanga la mdani lidzafikire, ndipo iye ankalumikiza zithunzi ziwirizo.

Pa nkhondo yomaliza ya mufilimuyo, mfumu Aeëtes ikumwaza mano a chinjoka cha mitu 7 panthaka, ndipo asilikali 7 a mafupa okhaokha akutuluka ndi malupanga ndi zishango kulimbana ndi amuna atatu, Jason ndi anzake awiri. Aliyense mwa asilikali 7 amenewo ali ndi mutu, manja awiri ndi miyendo iwiri, zonse zofuna kusunthidwa pa chithunzi chilichonse osasokoneza. Masiku ena Harryhausen ankaweruka atajambula zithunzi 13 zokha, theka la sekondi. Nkhondo ya mphindi zochepa chabe inamutengera miyezi yoposa inayi. Mufotokozereni mwana wanu zimenezi. Ndaona kuti mwana akadziwa kuti chomuopsa chija ndi chidole cha mphira m'manja mwa bambo woleza mtima, mantha amachoka, n'kubwera chidwi chofuna kuyesa yekha. Ngati muli ndi foni ya kamera, mupatseni dongo aumbe chilombo chake, azichijambula akuchisuntha pang'onopang'ono. Adzatanganidwa Loweruka lonse.

Tsopano nkhani ya milungu, imene ndikuona kuti ndiyo ikukusowetsani tulo. Sindikunamizani kuti Zeus ndi wofanana ndi Kalulu wa m'nthano zathu, chifukwa Kalulu palibe anamumangirapo kachisi, pamene Zeus anthu ankamupembedzadi ndi kumuphera ng'ombe. Masewera a Olympics anayamba ngati chikondwerero chake ku Olympia. Koma chipembedzo chimenecho chinatha kalekale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 300, mfumu Theodosius ya ufumu wa Roma inaletsa nsembe zoperekedwa kwa milungu imeneyi, ndipo lero anthu ambiri a ku Greece ndi Akhristu a mpingo wa Orthodox. Chimene chinatsala ndi nthano, ndipo ana a ku Greece amaziphunzira kusukulu, Lamlungu n'kumapita kutchalitchi.

Mayina amenewa mukuwadziwanso kale, kungoti munawapeza m'buku lina. Tsegulani Machitidwe 14. Paulo atachiritsa munthu wolumala ku Lustara, anthu anafuula kuti milungu yatsika, Barnaba anamutcha Zeus, Paulo anamutcha Hermes, mthenga wa milungu, chifukwa ndiye ankalankhula, ndipo wansembe anabwera ndi ng'ombe kuti apereke nsembe. Mwana amene waonera Jason akumva msanga chifukwa chimene anthuwo anaganizira choncho, popeza mufilimumo Hermes akutsika atadzisandutsa nkhalamba. Mu Machitidwe 17 Paulo ali ku Athens akulalikira pogwiritsa ntchito mawu a alakatuli a Chigiriki, kusonyeza kuti anali atawawerenga. Mu Machitidwe 28 ngalawa imene inamunyamula kuchoka ku Malta inali ndi chizindikiro cha milungu iwiri yamapasa, Castor ndi Pollux, ndipo m'nthano amapasa amenewa anali m'gulu la amalinyero a Jason. Paulo anakwera, osadetsedwa nazo.

Nkhawa yanu si yachilendo ayi. Plato, katswiri wa nzeru zakuya yemwe anali Mgiriki, analemba zaka za m'ma 300 Yesu asanabadwe kuti nthano zonena za milungu yonama, yachigololo ndi yokangana zisamauzidwe ana aang'ono. Kenako Basil, bishopu wa ku Caesarea amene anamwalira mu 379, analembera achinyamata achikhristu malangizo a momwe angapindulire ndi mabuku a Agiriki. Sanawaletse. Anawauza kuti achite ngati njuchi, imene imatenga chofunika pa duwa n'kusiya zinazo. Ine ndili mbali ya Basil, koma Plato anali ndi mfundo, ndipo ndibwereranso kwa iye.

Mukakhala pansi n'kuonera Jason ndi mwana wanu, mudzaona kuti filimuyo siikweza milungu. Zeus ndi mkazi wake Hera akhala paphiri la Olympus akukankha anthu ngati mbewu za bawo, akunyozana monga banja limene latopetsana. Zeus akulola Hera kuthandiza Jason kasanu kokha, osapitirira. Funso labwino lomufunsa mwana pamenepo ndi lakuti, kodi Mulungu amene timapemphera kwa iye amatiwerengera thandizo chonchi? Musamuyankhire. Palinso gawo la Talos, chimphona cha mkuwa. Amalinyero anachenjezedwa kuti pachilumbapo atenge madzi ndi chakudya chokha. Hercules, mmodzi wa amalinyerowo, analowa m'chipinda cha chuma pansi pa chifanizirocho n'kutenga phini wagolide wamkulu ngati mkondo. Atatuluka, kumwamba kukumveka kulira kwa chitsulo, mutu wa chifanizirocho ukutembenuka pang'onopang'ono kumuyang'ana. Pamapeto pake amene anafa si Hercules wakubayo, koma mnzake wamng'ono, Hylas, amene chimphonacho chinamugwera. Ana asukulu amakangana kwambiri pa gawo limeneli, ena akuti n'zopanda chilungamo, ena akuti ndi mmene zimakhalira munthu wamphamvu akalakwa. Kukambirana kotere simungakupeze mutangozimitsa TV.

Ndibwerere kwa Plato. Mafilimu akalewa ndi nthano zochapidwa. Anachotsamo zambiri kuti banja lonse lilowe muholo. Filimu ya Jason ikutha iye ndi Medea, mkazi amene anamuthandiza paulendowo, akukondana m'ngalawa, ubweya wagolide wa nkhosa uli m'manja. M'nthano yeniyeni, Jason anadzamusiya Medea kuti akwatire mwana wa mfumu ya ku Corinth, ndipo Medea pobwezera anapha mkwatibwiyo pamodzi ndi ana ake omwe anabereka ndi Jason. Euripides analemba sewero la nkhani imeneyi mu 431 Yesu asanabadwe. Hercules nayenso sanagwire ntchito 12 zovuta zimene amadziwika nazo m'nthano pofuna kutchuka. Chinali chilango, chifukwa Hera anamuchititsa misala n'kupha ana ake. Katuni ya Disney ya 1997 inafika posandutsa Hera kukhala mayi wake womukonda, pamene m'nthano ndiye mdani wake wamkulu popeza Hercules anali mwana wa chibwenzi cha Zeus. Za khalidwe la Zeus ndi akazi ndisanene zambiri. Choncho mwana akayamba kufufuza pa intaneti yekha, adzakumana ndi zinthu zolemera kuposa zimene anaona kwa amalume ake. Mupezereni buku la nthano za Agiriki lolembedwera ana, ndipo muyambe mwaliwerenga nokha. Mabuku a Percy Jackson a Rick Riordan, amene loyamba linatuluka mu 2005, analembedwera msinkhu ngati wake, ngati Chingerezi akuchimva bwino.

Koma choopsa chachikulu ndi ichi: mafilimu atsopano okhala ndi mayina ndi zovala zofanana. Mwana akapita ndi memori khadi kwa anyamata oika mafilimu pamsika n'kunena kuti akufuna "za malupanga", amuikira chilichonse chimene chili mufoda imeneyo. Mmenemo mumakhala 300, Immortals ya 2011 ndi Troy ya 2004, zonse zopangidwira akuluakulu, zodzaza magazi ndipo zina muli zakuchipinda. Choipitsitsa ndi Spartacus ya pa TV imene inayamba mu 2010. Imeneyo si nthano ya Agiriki n'komwe, ndi nkhani ya kapolo woukira Aroma, ndipo muli zogonana zoonekeratu. Makolo ena amaisokoneza ndi Spartacus ya Kirk Douglas ya 1960, n'kuilola. Ndiye muziyang'ana chaka, osati dzina lokha. Muzitsegula khadiyo nokha musanamupatse. Chenjeraninso ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene amaonetsedwa m'mavidiyo sho. Ena amamasulira bwino ndipo amaseketsa, koma ena amathiramo nthabwala zawo zotukwana zimene mufilimu yeniyeni mulibe, moti filimu yoyenera ana imasanduka ya kumowa.

Za oyenera msinkhu wake, yambani ndi Jason and the Argonauts yomweyo. Kwa ine ndiyo yabwino kuposa onse, ndipo mulibe chochititsa manyazi kuonera ndi mwana. Hercules ya 1958 ndi inzake ya 1959, Hercules Unchained, zilibe vuto lalikulu, kungoti zimayenda pang'onopang'ono ndipo yachiwiriyo ili ndi mfumukazi yokopa amuna, ndiye mafunso akhoza kubwera. Ulysses ndimaikonda kwambiri pa nkhani ya banja: mkazi wake Penelope akumudikira zaka 20, masana akuluka nsalu usiku akuimasula kuti anyenge amuna omufunsira. Silvana Mangano anasewera mbali ziwiri, ya Penelope ndi ya mfiti Circe. Koma muli chimphona cha diso limodzi chimene chikudya munthu kenako n'kubooledwa diso, ndipo kumapeto Ulysses akulasa ndi mivi amuna onse aja. Wa zaka 11 akhoza kuonera muli pomwepo.

Medusa amene akumunenayo ndi wa mu Clash of the Titans ya 1981, filimu yomaliza ya Harryhausen, momwe Laurence Olivier ndi Zeus ndipo Harry Hamlin ndi Perseus, mnyamata wolimbana ndi Medusa. Apa ndiye pofunika inu. Gawo la Medusa n'loopsadi: chipinda cha mdima chowala ndi malawi a moto, mkazi wa thupi la njoka akukwawa ndi manja, tsitsi lake njoka zokhazokha, uta uli m'manja, ndipo aliyense womuyang'ana m'maso akusanduka mwala. Perseus akumuona kudzera m'chithunzithunzi cha mkati mwa chishango chake n'kumudula mutu, magazi n'kumayenderera pansi. Wa zaka 11 amene anaiona kale n'kumaikamba mosangalala wapirira, koma ngati muli ndi ana ochepera zaka 8 kapena 9, imeneyi asaonere, makamaka usiku. Mulinso malo awiri achidule pamene mkazi akuoneka wosavala, koyambirira ndi chakumapeto. Muyambe mwaiona nokha kuti mudziwe podumphitsa. Dziwaninso kuti chilombo cha m'nyanja chotchedwa Kraken mufilimuyo si cha Agiriki, anachibwereka ku nthano za ku Scandinavia, ndipo kadzidzi wachitsulo amene ali momwemo anangomupeka. Mwana asadzalembe zimenezo pamayeso. Clash of the Titans ya 2010 ndi yaphokoso ndi yachiwawa kuposa yakaleyo. Adikire kaye zaka ziwiri kapena zitatu. Hercules in the Haunted World ya 1961, ya Mario Bava, nayonso adikire, chifukwa theka lake likuchitikira kudziko la akufa.

Filimu yomalizayi yandikumbutsa chinthu china chimene makolo sachiganizira. Hercules wake ndi Reg Park, wa ku Leeds ku England amene anadzakhazikika ku Johannesburg, ndipo ndi iye amene Arnold Schwarzenegger ali mnyamata anamuona n'kufuna kukhala ngati iye. Mafilimu amenewa amachita zimenezo kwa anyamata. Pakapita zaka zochepa mudzapeza wanuyo wathira simenti m'zitini ziwiri, chitsulo pakati, akunyamula kuseri kwa nyumba. Kulimbitsa thupi n'kwabwino, koma pa msinkhu wake zikhale zothamanga, mpira ndi mapushiapu, osati zolemera zimene sangazikwanitse popanda wamkulu womuyang'anira. Ndipo akadzakula n'kuyamba kukamba za mapilisi kapena jakisoni wokulitsa minofu, mukane ndithu n'kupita naye kwa adokotala akamufotokozere, chifukwa mankhwala amenewo amawononga chiwindi ndi mtima ndipo akhoza kuimitsa kukula kwa mwana.

Lupanga la mtengolo musalitenthe. Ikani malamulo basi: lisakhale losongoka, asaloze kumaso, asamenye wamng'ono kapena ziweto, ndipo mnzake akati basi ndi basi. Mpeni, chikwanje ndi uta wa mivi yakuthwa zisalowe m'masewerawo. Chivindikiro cha poto chibwerere kukhitchini, adule katoni. Kuonera kukhale ndi nthawi yake, homuweki ndi ntchito za pakhomo zitatha, ndipo TV kapena foniyo ikhale pabalaza pamene aliyense akudutsa. Amalume akenso muwauze mwaulemu kuti azikudziwitsani zimene amuonetsa. Zikuoneka kuti anasankha bwino, ndipo akhoza kukhala mthandizi wanu pa nkhaniyi.

Kulota zoopsa usiku umodzi kapena uwiri ataona Medusa si vuto. Muyatsireni nyale, mucheze naye, mupumitse mafilimuwo kwa kanthawi. Koma ngati maloto oipa akupitirira masabata angapo, wayambanso kukodza pogona pamene anasiya kalekale, akukana kugona yekha kapena kupita kusukulu, akupweteka anzake kapena ziweto mwadala osamva chisoni, kapena akulankhula ngati zilombozo akuziona ndi kuzimva masana, musangoti ndi filimu. Nthawi zambiri mwana wotero pali china chimene chikumuvutitsa, mwina akuzunzidwa kusukulu kapena waona zinthu zosayenera kwina, ndipo filimuyo yangomupatsa mawu ofotokozera mantha ake. Lankhulani ndi aphunzitsi ake mumve mmene akukhalira m'kalasi, kenako pitani naye kuchipatala mukafotokoze zonse. Chipatala cha boma chaching'ono chimene chili pafupi nanu chikhoza kukutumizani kwa odziwa za maganizo a ana. Mafunso a chikhulupiriro akakukulirani, monga akadzafunsa kuti n'chifukwa chiyani nkhani ya Samisoni ndi yoona koma ya Hercules ndi nthano, pitani naye kwa abusa kapena aphunzitsi a Sande sukulu amene mukudziwa kuti amamvetsera mwana asanayankhe. Musalole aliyense amuimike pagulu n'kumutchula kuti ali ndi ziwanda chifukwa cha filimu, popeza zimenezo zimamupweteka mwana kwa nthawi yaitali ndipo amasiya kukuuzani zimene akuonera.

Mnzanu wa ku Mvano uja muitaneni adzaonere nanu Jason Loweruka masana. Ndi ya mphindi 104 zokha.